Lamulungu la mvula, tsiku limene ndinatulutsa mwana m'kalasi

Magetsi azima kuyambira madzulo, ndiye ndikulemba pafoni imene yatsala ndi moto pang'ono. Ndikanatha kudikira mawa, koma ndikudziwa kuti ndikagona nazo izi, mawa ndidzadzuka nditayamba kuzikongoletsa, ndipo sindikufuna kutero.

Mvula inayamba cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, ya mvumbi ija yopanda mabingu, yongogwa osalekeza. Kuno ku Chilobwe mvula yotere sitiimvanso ngati kale. Chichitikire za mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba za anthu, ikangogwa usiku ambiri timadzuka n'kusuzumira kuphiri, ngakhale kuli mdima woti sungaone kanthu. Inenso ndinatero. Kenako ndinakoleza mbaula, ndinaphika tiyi, n'kuyang'ananso m'chikwama changa cha Sande sukulu ngati zonse zilimo: choko, Buku Lopatulika, kaundula wa mayina, ndi zithunzi zanga.

Phunziro la lero linali la pa Yohane 6, kudyetsa anthu 5,000. Ndinalikonzekera sabata yonse. Lachitatu ndinapempha katoni ya sopo pagolosale, ndinadula mikate isanu ndi nsomba ziwiri, n'kuzipaka ndi makrayoni a mwana wa mlongo wanga. Ndinanyamuka ndili wokhutira kuti lero ana amva bwino.

Masiku onse timagawa ana pawiri. Aang'ono amakhala m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, akuluakulu timakhala nawo pansi pa mtengo wa mango. Lero pansi pa mtengo panali dziwe, ndipo mnzanga amene timaphunzitsa naye anapita ku maliro kwawo ku Thyolo. Ndiye ana onse analowa m'kachipinda kaja, ine ndekha kutsogolo. Ndinawawerenga, anakwana 68, kuyambira wa zaka zitatu amene amalirira mkulu wake mpaka wa zaka 12 amene akudziona kuti wakula. Mabenchi tili nawo asanu okha. Ena anakhala pansi ponyowa, ena pamiyendo ya anzawo, fungo la zovala zonyowa lili thoo, malata akulira moti ndimachita kukuwa kuti akumbuyo amve.

Pano ndinene zimene zimandipweteka. Pa msonkhano uliwonse wa mpingo timakonda kunena kuti m'mera mpoyamba, ndi kuti ana ndiwo mpingo wa mawa. Koma ikafika nkhani ya ndalama, zimapezeka za zokuzira mawu ndi za matailosi, za mabenchi a ana ayi. Kwa akuluakulu ambiri Sande sukulu ndi koikizako ana kuti asasokose pamene ulaliki uli m'kati. Ndakhala ndikudandaula zimenezi kwa zaka, ndipo ndikuonabe kuti sindikulakwa. Chimene sindinkadziwa n'chakuti maganizo omwewo anali atamera mwa inenso.

Pali mnyamata wina, wa zaka ngati 11, amene anayamba kubwera kumayambiriro kwa chaka chino. Dzina lake sindilemba. Amakhala kumbuyo kwenikweni, sayimba, sapereka chopereka, ndipo sipadutsa Lamulungu wina osadzandinenera kuti wamutsina kapena wamulanda pensulo. Lero tinayamba bwino, makolasi awiri, pemphero, kenako ndinalemba vesi loloweza pabolodi, mawu a Ambuye Yesu akuti Iye ndiye mkate wamoyo. Ndinayamba kuloza mmodzimmodzi kuti awerenge. Nditaona kuti iye akunong'oneza mnzake, ndinamuloza dala.

"Iwe wa kumbuyo, imirira, werenga."

Anaimirira, anayang'ana bolodi, n'kuseka. Kenako anayankhula zinazake motsanzira mawu anga, kalasi yonse n'kufa nacho chikhakhali. Pokhala pansi anakankha mtsikana amene ndinamupatsa nsomba zanga kuti andigwirire, imodzi n'kugwera m'matope a pakhomo. Mtima unandiphulika.

"Tuluka! Kuno si kumsika. Ngati sukufuna kuphunzira usamabwere kudzasokoneza anzako."

Sanapepese, sanalire. Anangondiyang'ana kamodzi, n'kudumpha miyendo ya anzake, n'kutuluka. M'chipinda munati zii, ndipo ndivomere kuti bata limenelo linandikomera. Ndinatola nsomba ija, ndinaipukuta, n'kupitiriza.

Ndinafotokoza za khamu la anthu, za Filipo amene anawerengera ndalama n'kupeza kuti sizingakwane, kenako ndinafika pa vesi 9 pamene Andreya akuti, "Pali mnyamata pano." Ndawerenga mawu amenewa kambirimbiri, koma lero nditangowatulutsa pakamwa, kukhosi kunauma. Pa chinamtindi cha anthu masauzande, Andreya anaona mnyamata mmodzi, anadziwa ngakhale chimene chinali m'kathumba kake, n'kumubweretsa kwa Yesu. Ine ndinali ndi ana 68 okha, ndipo mnyamata wanga ndinali nditangomuthamangitsira pamvula. Ndinauza mtsikana wamkulu kuti ayambitse kolasi, ine n'kutuluka. Pakhonde panalibe munthu.

Nditabwerera, kamtsikana kena kamene kamakhala kutsogolo kanandikoka chitenje.

"Aphunzitsi, ujatu satha kuwerenga. Kusukulu amamuseka, ndiye amayamba ndi iyeyo kuseketsa anthu."

Mwana wa zaka 8 ankadziwa chimene ine, wa kaundula m'manja, sindinachione kwa masabata asanu ndi awiri. Phunziro ndinalimaliza, koma mtima wanga sunalinso momwemo.

Titaweruka ndinafuna mayi wina wachikulire wa Mvano amene amadziwa pafupifupi khomo lililonse la m'dera lathu. Nditangomufotokoza mwanayo, anagwira pakamwa.

"Mwana uja? Amakhala ndi agogo ake kumtunda uko. Mayi ake anapita ndi madzi aja, mwanangu. Bambo ake ali ku Joni, koma kuli zii."

Ndinawauza zimene ndinachita, osabisa. Sanandidzudzule ndipo sanandipepesenso. Anangoti, "Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kadye, 3 koloko udzandipeze, tipitire limodzi." Ndinathokoza kuti anadzipereka okha, chifukwa mphunzitsi sayenera kumapita yekha kukasaka mwana wa eni kunyumba. Pamafunika wamkulu wina, kuti mwana akhale wotetezeka ndiponso kuti pasakhale zokayikitsa.

Kunyumba nsima inandikanika. Ndinatsegula Marko 10, pamene anthu ankabwera ndi ana kuti Yesu awakhudze, ophunzira n'kuwadzudzula. Kuyambira kale ndinkawaona ophunzira amenewa ngati anthu ouma mtima. Lero ndinawamvetsa, ndipo kuwamvetsako kunandiopsa. Iwotu ankasunga dongosolo. Mphunzitsi anali ndi zinthu zazikulu zoti anene, anthu ankafuna kumva, ndipo ana amasokosa. Ankaganiza kuti akuthandiza ntchito ya Ambuye, monga inenso ndimaganizira kuti ndikuteteza phunziro langa. Koma Marko akulemba mosabisa kuti Yesu ataona zimenezi anakwiya. Mkwiyo wake sunagwere ana osokosa, unagwera akuluakulu amene anaima pakati pa anawo ndi Iye. Atatero anawanyamula anawo, n'kuwadalitsa ataika manja pa iwo. Marko sakutiuza kuti anayamba wawafunsa vesi.

Sindikunena kuti mwana azingosiyidwa azichita zofuna zake. Kukankha mnzake kuja kunali kulakwa, ndipo adzayenera kupepesa. Koma ine sindinamuloze kuti ndimuphunzitse. Ndinamuloza kuti achite manyazi pamaso pa anzake, chifukwa anali atanditopetsa. Mawu a pa 1 Akorinto 13, akuti chikondi chikhala chilezere, timawamva kawirikawiri paukwati, akwati atavala bwino, holo itakongoletsedwa. Paulo sanawalembere akwati. Anawalembera mpingo wa anthu okangana, otopetsana. Ana anga ambiri savuta kuwakonda, amabwera atasamba, amathamangira kundilandira chikwama, amaloweza mavesi. Kuwakonda amenewo sikunandifunepo kuleza mtima kulikonse. Pamene kunafunika lero, ndinapezeka ndilibe.

Ndinakumbukanso zimene tinaphunzira ku maphunziro a aphunzitsi a Sande sukulu zaka zapitazo, za Robert Raikes, mwini nyuzipepala wa mumzinda wa Gloucester ku England. Mu 1780 iye anayamba kusonkhanitsa Lamulungu ana osauka amene ankagwira ntchito masiku ena onse a sabata, kuti aphunzire kuwerenga, buku lawo lalikulu likhale Baibulo. Ndiye kuti Sande sukulu inayambira pa ana ngati mnyamata wangayu, ovuta, osadziwa chilembo. Ife kuno, chifukwa pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, timangoganiza kuti mwana aliyense wa msinkhu umenewu amawerenga. Timalemba vesi pabolodi n'kuyamba kuloza.

3 koloko mvula inali itadukiza. Ndinatenga paketi ya shuga ndi kaufa pang'ono, popeza Febuluwale uno sumapita pakhomo pa munthu chimanjamanja, ndipo m'chikwama ndinaponyamo nsomba ya katoni ija. Njira ya kumtunda inali yoterera, mayi aja akuyenda ndi ndodo, ine pambuyo. Tinadutsa malo amene miyala ikuluikulu ikadali pomwe inaimira tsiku lija.

"Odi kuno!"

"Odini, fikani."

Agogo anali pakhonde akusankha nyemba. Anatiyalira mphasa, tinalonjerana, tinafunsana za mvula ndi za thupi. Atangomva kuti ndine mphunzitsi wa kutchalitchi, nkhope inagwa.

"Walakwanso chiyani, aphunzitsi?"

"Ayi agogo, wolakwa ndine. Ndabwera kudzapepesa."

Anandiyang'ana ngati sanamve bwino. Kwathu kuno wamkulu sapepesa kwa mwana, ndipo inenso ndinakula ndikudziwa choncho. Anamuitana. Anatulukira kuseri kwa nyumba atanyamula galimoto ya mawaya imene ankaikonza, yokongola ndithu, ya matayala a zitsekerero za mabotolo ndi chiwongolero chachitali. Atandiona anaima patali.

Ndinamutchula dzina lake. Ndikhulupirira kuti kanali koyamba kulitchula osati poitana kaundula kapena pokalipa. Ndinamuuza kuti ndinalakwa kumuimiritsa pamaso pa anzake, kuti ndinalakwanso kunena kuti asamabwere, ndi kuti malo ake alipo. "Pepa," ndinatero. Sanayankhe. Ankangopota waya ndi chala, maso ali pansi.

Agogo ndiwo anayankhula. Anati namondwe atadutsa anakhala nthawi yaitali pamsasa, ndipo mwanayo atabwerera kusukulu mutu wake sunalinso pa maphunziro. Amangokwera kalasi, koma chimene amaphunzira sichioneka. Iwo eni sanapite kusukulu, ndiye sangamuthandize. Anati mvula ikamagwa usiku sagona, amakhala tsonga pamphasa mpaka kuche, ndipo usiku wathawu sanagone n'komwe. Ananenanso chimene sindinkachiyembekezera, kuti kutchalitchi palibe amene amamutuma. Iwo miyendo inawakana, satsikanso. Amadzuka yekha, amasamba yekha, n'kumapita.

Ndinamufunsa chimene amabwererako. Anakhala chete nthawi yaitali, mpaka ndinaganiza kuti sayankha.

"Amayi ankapita nane konkuja."

Mayi a Mvano aja anayang'ana kumbali n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Ine ndinasowa chonena, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti sindinayese kudzaza malowo ndi vesi.

Patapita kanthawi ndinatulutsa nsomba ija, ikadali ndi banga la matope. Kumbuyo kwake ndinalembako dzina lake ndi zilembo zikuluzikulu, n'kumupatsa. Anayang'anitsitsa, n'kuloza chilembo choyamba, anachitchula molondola. Chachiwiri anachitchulanso. Pa chachitatu anaima. Ndinamuuza kuti Loweruka 3 koloko ndidzakhala pakhonde la tchalitchi pamodzi ndi mayi aja, tizidzaphunzira zilembo, ndipo sadzakhala yekha chifukwa ndikutsimikiza kuti m'kalasi mwanga muli enanso amene amangogwedeza milomo anzawo akamawerenga. Ndinamupemphanso ngati angandipangire nsomba ziwiri za mawaya, chifukwa za katoni sizilimba. Sanalonjeze kubwera. Anangofunsa kuti zikhale zazikulu bwanji, ine n'kumuonetsa ndi manja.

Tisananyamuke agogo anapempha pemphero, ndipo anapemphera ndi mayi aja. Potsika anandiuza kuti nkhani ya banjali akaitula ku Mvano, ndi kuti ine ndikaonane ndi mkulu wa mpingo wa dera lathu za Loweruka lija, kuti zikhale zodziwika. Ndamuimbira kale madzulo ano, wavomera, wati akauza abusa.

Nditafika kunyumba ndinatenga kaundula n'kuyamba kuwerenga mayina mmodzimmodzi, ndikudzifunsa kuti uyu amakhala ndi yani, uyu ali Sitandade chiyani, uyu anadya asanabwere kapena ayi. Amene ndinatha kuyankhapo bwinobwino sanafike 20. Enawo ndawaika kadontho kutsogolo kwa dzina, ndipo ndiyamba ndi atatu sabata ino.

Foni yandichenjeza kachiwiri. Mawa ndikaweruka kuntchito ndidutsira pagolosale paja kukapempha katoni ina, yoti ndidulemo a, e, i, o, u. Kunjaku mvula yayambanso kuwaza pamalata, ndipo ndikudziwa kuti kumtunda kuja ali maso.