Lipoti la Ulendo Wathu wa ku Nyumba ya Rembrandt

Loweruka lapitali, ife a m'gulu la Amalawi okhala ku The Hague tinakwera sitima kupita ku Amsterdam kukaona nyumba ya mumsewu wa Jodenbreestraat imene katswiri wojambula, Rembrandt van Rijn, anakhalamo kuyambira 1639 mpaka 1658. Tinayenda bwino ndipo tinafika kudakali m'mawa.

Kumene tinakhalitsa ndi m'chipinda chodindira zithunzi. Mayi amene ankationetsa malo anafotokoza kuti wojambula amapaka phula pachimbale chamkuwa, n'kulembapo ndi singano, kenaka asidi amadya mkuwawo motsata mizereyo. Tikuonerera, mayiwo anapaka inki pachimbale, n'kuchipukuta ndi nsalu komanso ndi chikhatho, ndipo ataikapo pepala lonyowa anazunguza makina, chithunzi n'kutuluka. Apa m'pamene tinamvetsa gwero la mikangano yonse yoti ndi zithunzi ziti zimene zilidi za Rembrandt, pakuti chimbale sichifa pamodzi ndi mwini wake, ndipo aliyense amene wachipeza angathe kudinda nacho.

Chitsanzo chimene chinatigawanitsa ndi chithunzi cha Yesu akuchiritsa odwala, chotchedwa Hundred Guilder Print, chimene Rembrandt anachimaliza cha m'ma 1649. Cha m'ma 1775, Kaputeni William Baillie anapeza chimbale chake chitaperepeseka, anazamitsanso mizere ndi dzanja lake, anadinda zithunzi 100, kenaka anachidula zidutswa zinayi n'kumadinda chidutswa chilichonse pachokha. Bambo wina wachikulire m'gulu lathu anati zithunzi za Baillie n'za Rembrandt ndithu, popeza maganizo ndi nkhope zonse anaziika ndi iyeyo. Mayi wina, amene ndi mphunzitsi, anakana kwamtuwagalu, nati mzere umene wakumbidwanso ndi munthu wina wasanduka wa munthu winayo. Ine ndinagwirizana ndi mayiwo, ndipo kudulidwa kwa chimbalecho kunandipweteka mtima kwambiri.

Zimbale zina zinayenda ulendo wautali kuposa pamenepa. Mu 1679, pa katundu amene wamalonda Clement de Jonghe anasiya atamwalira panapezeka zimbale za Rembrandt 74. Zambiri zinakafika ku Paris m'manja mwa wogulitsa zithunzi Pierre-François Basan, pambuyo pake zinaoloka nyanja ndi Robert Lee Humber wa ku North Carolina, ndipo zinagulitsidwa mu 1993. N'chifukwa chake akatswiri sakhutira ndi dzina lokha la Rembrandt pachithunzi. Amaunika pepala pakuwala kuti aone chizindikiro cha amene analipanga, amalitembenuzanso kufufuza zidindo za amene anakhalapo nalo, zomwe Frits Lugt anazisonkhanitsa m'kaundula mu 1921. Ngakhale chiwerengero chenichenicho cha zithunzi zodinda za Rembrandt chasintha: Adam Bartsch anawerenga zithunzi 375 mu 1797, koma kaundula wa mu 2013 anavomereza 314, ndipo zina mwa zochotsedwazo akuti n'za ophunzira ake ndi anthu amene ankagwira naye ntchito.

Mkangano wa bambo ndi mayi aja unapitirira m'sitima pobwerera, moti tinagwirizana kuti ulendo wotsatira tidzapite ku Rijksmuseum, nyumba yosungiramo zojambula ya ku Amsterdam, kukayang'anitsitsa chithunzichi monga chinadindidwira Rembrandt akadali moyo.