Tambala wanga anapita ndi Ajapani

Vuto langa ndi pakamwa. Pa bawo paja pa Chirimba, munthu akangotchula mpira ine ndimasanduka katswiri, ngakhale nkhaniyo ndangoimva theka pa wailesi ya m'minibasi.

Mu February 2025 ndinamva kuti ku America kwayamba mpikisano wa mpira wa amayi wotchedwa SheBelieves Cup. Mutu wanga unachita masamu mwachangu. Temwa Chawinga amasewera ku America, mu timu ya Kansas City Current. Mu 2024 anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya kumeneko, kuposa wina aliyense. Ndiye chikho cha ku America chingachitike bwanji iye kulibe? Ndinalengeza pa bawo pomwepo kuti mwana wathu akawaonetsa mbonaona.

Alamu anga, amene amatsutsa ngakhale utanena kuti dzuwa limatuluka kum'mawa, anakweza mutu. "Alamu, mukunenetsa?"

"Ndabetcha tambala wanga wofiira uja. Masewero omaliza, Temwa amwetsa."

Iwo anaika thumba la makala. Tinagwirana chanza pamaso pa mboni.

Madzulo ndikufotokoza kunyumba, mwana wanga wamkazi wa Fomu 3, amene amasewera kumbuyo mu timu ya kusukulu kwawo, anayamba kuti, "Adadi, komatu chikho chimenecho ndi cha..." Ndinamudula. Ndinati mpira ndinayamba kuonera iye asanabadwe, apite akatsuke mbale.

Masewerowo anali a America ndi Japan, ku San Diego, madzulo a pa 26 February. Kuno kunali kutatsala pang'ono kucha, Lachinayi. Ndinagula bandulo ya intaneti ya ndalama zoti mayi a kunyumba sakuzidziwa mpaka lero, ndinabwereka laputopu kwa mphwanga, n'kuikhazika pa ndowa yovundikira pakati pa balaza. Mayi anadzuka usikusiku kuphika tiyi, nkhope ili gwa. Alamu anafika ndi aneba awiri, ndipo ndinaona kuti m'thumba mwawo mukutuluka kachingwe ka luzi. Sindinafunse.

Osewera anandandalika, nyimbo za fuko zinaimbidwa. Ndinayang'ana nkhope imodziimodzi, mphuno itatsala pang'ono kukhudza galasi. Temwa kulibe.

"Ali pa benchi," ndinatero. "Mphunzitsi wanzeru sayamba ndi mfuti yaikulu."

Ndisanamalize n'komwe, Yuka Momiki wa Japan anali atamwetsa kale, mphindi yachiwiri yokha. Apa m'pamene mwana uja, ataima pakhomo ndi mswachi m'kamwa, anamaliza chiganizo chimene ndinachidula. Anati chikhochi si cha makalabu, ndi cha matimu a mayiko. Kuyambira 2016, chaka chilichonse America imaitana mayiko atatu kuti adzasewere nayo, ndipo ulendo uno anaitana Japan, Colombia ndi Australia. "Temwa ndi wa Scorchers, adadi. Kansas City ndi kuntchito chabe."

Aneba wina anatsamwa ndi tiyi. Alamu anatulutsa luzi lija n'kuyamba kuliwongola pa bondo, mwaulemu kwambiri.

Ndinachonderera. Ndinati pachibale sitichitirana chonchi, tisinthe kubetchako: America ikapambana, tambala akhale. Mwana anandinong'oneza kuti America yatenga chikhochi zaka zisanu zotsatizana, kuyambira 2020 mpaka 2024, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinamvera mwana. Alamu anavomera, koma anavomera msanga kwambiri, ndipo zimenezo zinayenera kundichenjeza.

Pasanathe kotala la ola, Ally Sentnor anabweza chigoli. Ndinadumpha, ndinavina beni pa balaza, phazi linakankha ndowa, laputopu ya eni ake n'kupendama, mphwanga n'kuiwakha ili m'malere. Kunja tambala analira kokoliriko, ine n'kunena kuti mwamva, nayenso akusapota America.

Chigawo chachiwiri chitangoyamba, Toko Koga wa Japan anaponyera wina mu ukonde. 2-1. Kuchokera apo atsikana a Japan anangogwira mpira, kupatsirana pafupipafupi ngati akugawana mtedza, ine thukuta lili kamukamu m'mawa wozizira. Ndinapemphera, ndinatukwana woimbira, ndinalonjeza kusiya bawo. Wezulo inalira. Japan inatenga chikhocho koyamba, ndipo mphunzitsi wa America, Emma Hayes, amene anali asanagonjepo chiyambireni ntchitoyo mu 2024, anasankha tsiku la tambala wanga kuti alawe kugonja.

Alamu anamugwira yekha kuseri kwa bafa, anamumanga miyendo, n'kumupanira m'khwapa. Akutuluka pa geti, mayi a kunyumba analankhula mawu awo oyamba m'mawa umenewo.

"Abambo, tambala ameneyo ndinagula ndine, ndi ndalama za banki m'khonde."

Lamlungu masana kunabwera mwana wa alamu ndi mbale yovundikira bwinobwino, akuti adadi ati mulaweko. Nditavundukula ndinapeza khosi ndi zipalapasiro ziwiri. Khosilo mayi anapatsa mwana wa Fomu 3 uja.