Tinakaona tchalitchi cha njerwa ndi zithunzi zake zakale

Loweruka lapitali achinyamata a mpingo wathu tinanyamuka m'bandakucha pa minibasi kupita ku Blantyre Mission. Tayala linaphulika tisanafike pa Lunzu, moti tinafika dzuwa litakwera kale, njala itayamba kuluma.

Tchalitchi cha St Michael and All Angels ambirife tinkangochiona pa kalendala. Anachimanga kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi M'busa David Clement Scott, yemwe sanapiteko kusukulu ya zomangamanga. Njerwa ankaumba ndi kuwotcha pomwepo, ndipo zilipo za mitundu 81. Ndinayendetsa dzanja pakhoma: ina yozungulira, ina yosongoka, ina yokhala ngati yosemedwa ndi mpeni. Pulani yapapepala panalibe. Amisiri ankayamba ayala njerwa popanda matope, akaona kuti zakhala bwino, ndiye n'kumanga.

Masana tinapita ku Mandala House, nyumba ya mu 1882, kumene pamwamba pake pali laibulale ya Society of Malawi yosunga mabuku ndi zithunzi zakale. Apa m'pamene ndinamvetsa ntchito ya chithunzi. Nyumba yopanda pulani ikang'aluka, wokonza adzafunsa ndani mmene inalili? Adzatenga chithunzi chakale n'kuwerenga mizere ya njerwa umodziumodzi.

Kamera ya nthawi imeneyo inali bokosi lamatabwa la miyendo itatu. Wojambula ankadzifunda nsalu yakuda, chithunzi n'kugwera pagalasi lopaka mankhwala. Munthu akasuntha ankatuluka ngati mzukwa, pomwe khoma silisuntha, n'chifukwa chake matchalitchi ankatuluka bwino kuposa eni ake. Ku France anazindikira zimenezi msanga: mu 1851 boma linatuma ojambula asanu kuzungulira dziko kukajambula matchalitchi ndi nyumba zina zakale zofunika kukonzedwa. Dzina loti Mandala nalonso ndi la magalasi, a m'maso a John Moir, mmodzi wa oyang'anira kampani yomwe inamanga nyumbayi, ndipo mnzathu wina anaseka kuti tsiku lonse tangokhalira magalasi okhaokha.

Pobwerera abusa anati, "Ana anga, tandionetsani zomwe mwajambula." Ndinapereka foni yanga monyadira. Anayang'ana zithunzi zonse mpaka kumapeto, kenaka anafunsa, "Nanga tchalitchi chili kuti?" Munali mano athu okhaokha, ndi kansonga ka nsanja kuseri kwa khutu langa.