Lachitatu, mkangano wa albizia

Lero ntchito inali yochepa ndiye masana tinangokhala pa shedi ine ndi mnzanga uja timapala naye matabwa, nkumaonera kavidiyo pa foni ka anthu a ku Hawaii, zilumba za dziko la America, akumanga nyumba ndi mtengo wotchedwa albizia. Mtengowu si wakumeneko ayi, anabwera nawo mu 1917 kuchokera cha ku Indonesia ati uthandize kubwezeretsa nkhalango, koma eee unachita kulanda malo. Umatha kukula mamita 4 pa chaka, mthunzi wake nkuphimba mitengo yachilengedwe ngati koa ndi ohia mpaka kufa, komanso nthambi zake sizichedwa kuthyoka moti mu 2014 namondwe Iselle atadutsa dera la Puna inagwera pa mawaya a magetsi ndi m'misewu anthu nkukhala mumdima masiku ambirimbiri.

Mnzangayo anangoti aise thabwa limenelo ndi chinkhupule, lopepuka choncho lingasenze denga? Penapake akunena zoona, mtengo wokula mothamanga thabwa lake limakhala lofewa ndipo chiswe chimalikonda. Koma anthu aja sakungocheka nkukhoma basi, akuyamba aumitsa bwinobwino, kuthira mankhwala, kenako nkumata timatabwa tingapo ndi guluu mpaka kutuluka mtanda umodzi wokhuthala, mfundo ya thabwa ili ikagwera apa ya linzake ili pena ndiye kufooka kuja kumagawanika. Ine zimenezo zinandigwira mtima, ndi nzeru ya ukalipentala weniweni.

Pomwe tinakanganirana zenizeni ndi pa ndalama. Iye akuti bola mtengo ukugulika anthu adzaudula okha, vuto latha. Ine ndikuti ayi achimwene, vuto likuyambira pomwepo, munthu akagula makina ochekera nkulemba anyamata ntchito, angafune kuti mtengo womudyetsawo uthe? Mawa lake adzayamba kusiyako tina kuti tikule. Ndiponso kudula ndi kophweka, chovuta ndi chotsatira, mukangogwetsa wamkulu dzuwa nkufika pansi njere zake zimamera ngati udzu, zitsa nazo kuphukira, ndiye pamafunika anthu obwererako chaka ndi chaka kukazula, kudzala mbande zachilengedwe nkumazipalira mpaka zitatseka mthunzi zokha. Ntchito imeneyo siigulitsa thabwa ngakhale limodzi.

Chitsanzo ndi ku South Africa, anayamba pulogalamu ya Working for Water mu 1995, boma kulipira anthu kuti azidula wattle wochokera ku Australia ndi paini zomwe zimamwa madzi a m'mitsinje, mitengo ina nkupangira madesiki a kusukulu, koma mpaka pano akulimbana nayobe.

Ndiye ndinamuuza kuti ine thabwa lotere ndingagule pokhapokha ndalama ina pa thabwa lililonse ikupita ku nazale ndi kwa ozula aja. Anaseka, ati kasitomala amangofunsa kuti chitseko ndi ndalama zingati basi, za nazale alibe nazo ntchito. Taweruka tisanagwirizane, akuti mawa abwera ndi mlamu wake wocheka matabwa adzatiweruze.