Sabata yomwe tinaimba ndi mlendo wa ku Italy

Kuno ku Balaka Ataliyana sitiwadabwa. Ansembe a Montfort takhala nawo zaka zambiri, ndipo Alleluya Band, yomwe inayamba mu 1978, inakulira m'manja mwa Bambo Mario Pacifici. Koma woimba tenala wa opera (masewero oimba a ku Ulaya), kudzaima pakati pa kwaya yomwe ndimaphunzitsa, ya amayi a pamsika, aphunzitsi ndi anyamata a kabaza, zimenezo zinali zachilendo.

Tinagwirizana zoimba Panis Angelicus, yomwe César Franck anaipeka mu 1872 kuti aziimba watenala. Lolemba ndinailemba pa bolodi m'masolofa monga mwa masiku onse. Mlendo atayang'ana anapukusa mutu. Kwawo do sasuntha, amakhala pa C nthawi zonse, pomwe ife tinatengera njira ya ku England ya John Curwen, momwe do amasamuka kutsata kiyi ya nyimbo. Nyimboyi ili mu A, ndiye do wathu kwa iye anali la. Tinasiya zokangana pa bolodi, ndinaliza kiyibodi, aliyense n'kumva ndi khutu lake.

Chomwe chinanditulutsa thukuta ndi liwiro. Kwaya yathu inaleredwa ndi ng'oma ndi visekese: phazi likayamba kuponda, silidikira munthu. Iyeyu ayi. Akafika pa liwu lokwera amalikoka mpaka mtima wake utakhuta, kenako n'kufulumira pang'ono kuti abweze nthawi. M'chigawo chachiwiri, momwe kwaya imatsatira pambuyo pake, Lachitatu tinamupitirira ndithu. Mayi wina wa alto anandifunsa monong'ona kuti, "Aphunzitsi, kodi bambowa atopa?" Sanatope. Umo ndi momwe anaphunzirira, ndipo ine ndimaona kuti n'zokoma zedi.

Ndinawauza oimba kuti asiye kuwerenga ndi phazi, ayang'ane dzanja langa, ine ndiziyang'ana nthiti za mlendo akamakoka mpweya. Sizinali zophweka kwa anthu ozolowera kuyang'ana kumwamba poimba. Iyenso anatithandiza: anagwiritsa anyamata a tenala manja m'nthiti kuti amve mpweya ukutsikira pansi, osati kukweza mapewa ndi kufinya pakhosi monga amachitira akafuna kufika pamwamba. Maikolofoni anaikana, koma mawu ake ankamveka mpaka panja pa holo.

Lachisanu inali nthawi yathu. Tinamuphunzitsa nyimbo ya Chichewa yopanda pepala, ya mtsogoleri ndi ovomera. Apa iye ndi amene anayenera kugonjera ng'oma, ndipo anagonja mokondwa, ngakhale "ng'" anamuvuta mpaka tsiku lomaliza.

Lamulungu pa Misa tinaimba zonse ziwiri, tinalowa ndi kutuluka limodzi. Anyamata a tenala andipempha kuti pulakatisi iliyonse tiziyamba ndi kupuma kwa m'nthiti kuja, ndipo ndavomera. Tiyamba Lachiwiri likubwerali.