Kabawi anandivula chipewa ana akuona

Abale inu, ulendowu unayamba bwinobwino. Ine, mayi akunyumba ndi ana awiri, galimoto yahayala, timisewu ta kumidzi tokhotakhota, minda uku ndi uku, nkhosa kutitsekera njira, GPS kutisocheretsa kawiri, ana kumbuyoko kulimbirana chaja. Mwana wamkuluyo ndi amene anabukitsa zoti tikaone anthu oweta akabawi. Ine ndinaseka, ndinati kabawi nkuweta? Mbava ya anapiye ija?

Titafika, bambo wosamalira mbalamezo anayamba kutiphunzitsa. Akuti luso loweta akabawi nkumasakira nyamali ndi lakalekale moti UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaliika pa mndandanda wa zikhalidwe zofunika kusungidwa mu 2010. Anationetsa peregrine falcon, ija ikamatsika kukambwandira nyama imapitirira makilomita 300 pa ola, koma ife anasale anatipatsa Harris's hawk, mtundu wofatsa wa ku America umene kutchire umasaka pagulu. Mbalame iliyonse amaiyeza pasikelo tsiku ndi tsiku chifukwa ikakhuta siibweranso kudzanja, imangokhala mumtengo nkumakuyang'ana ngati uli nayo ngongole.

Tsono kunkazizira koopsa ndipo ine dazi langa ndi lija lofika mpaka kunkhongo, ndiye ndinali nditabwereka chipewa cha madamu, chija chokhala ndi kampira kaubweya pamwamba. Bambo uja anati, "Bwana, chipewacho muvule kaye, mbalamezi timaziphunzitsa ndi nyambo yaubweya yonga kalulu." Ine ndinati musadandaule achimwene, akabawi tinakula nawo. Zoona zake ndinkaopa mphepo padazi basi.

Anandiveka golovesi yachikopa kumanzere, kamwendo ka mwanapiye pakati pa zala, ndatambasula mkono ngati munthu wodziwa. Ndinangomva timabelu ta kumiyendo kwa kabawi uja ngwelengwele, uyo akubwera chapansipansi mapiko osakupiza nkomwe, golovesi ija anangoidutsa ngati sakuidziwa, kenako pamutu panga phaa! Ndinakuwa "Mayo ine!" mawu amene ana anga anali asanawamvepo, nkubwerera chafutambuyo mpaka khuu, pompo pamene nkhosa zinasiya katundu wawo.

Podzuka, dazi lili pamtunda, kabawi ali poteropo wafungatira chipewa ndi mapiko onse awiri, akuzula ubweya ndi mlomo, akundiyang'ana mwaukali ngati wakuba ndine. Bambo uja anachita kugwada nkumunyengerera ndi kamwendo kena kuti asinthane, poti kabawi sumulanda chimene wagwira.

Madamu anabwera akuthamanga, ine mumtima ndikuti eya, chikondi chilipo. "Bambo a ana, chipewa changa!"

Pobwerera anandikhazika papepala lapulasitiki, mawindo onse otsegula kuzizira konse kuja, ana akubwereza vidiyo pang'onopang'ono kuti amve bwino "mayo" uja. Tisanafike ndi pamsewu waukulu pomwe apongozi anaimba foni, anali ataiona kale pagulupu ya banja. Anafunsa ngati mbalameyo sinavulale.