Kope langa la mafilimu: pano maso ali pa amene sakuyankhula

Abale anzanga a kuno ku Joni, kope lija ndimalembamo za mafilimu likudzadza ndithu. Chaka chino ndasintha kaonedwe, ndinasiya zomangothamangira kuti nkhaniyi itha bwanji, pano ndikumayang'anitsitsa nkhope ya amene akumvetsera mnzake akamayankhula, ndipo ngati ndikuonera kunyumba ndikumabweza malo omwewo kuti ndione manja akutani, maso ali kuti. Wazisudzo weniweni amadziwikira pamenepo.

Imene yatenga masamba ambiri ndi On Becoming a Guinea Fowl ya 2024, ya Rungano Nyoni wa ku Zambia uja anapanganso I Am Not a Witch mu 2017. Anapata nayo mphoto ya dayilekita ku chikondwerero cha mafilimu cha Cannes mu gawo la Un Certain Regard, koma ine chondigwira mtima si mphotoyo ayi, ndi Susan Chardy amene wasewera ngati Shula. Mtsikanayu akuchokera ku phwando usiku, akupeza mtembo wa malume ake a Fred uli kwala pamsewu, ndiye iye osakuwa, osagwa pansi, kungokhala phee mu galimoto nkumayimba foni. Poyamba umati mwanayu ndi wouma mtima bwanji, kenako pang'onopang'ono umazindikira zimene malumewo ankachita atsikana a m'banjamo, iyenso ali m'gulu, ndiye ukabwerera kukayang'ananso nkhope ija umaona kuti zonse zinali pomwepo kuyambira pachiyambi. Ndipo iyi inali filimu yake yoyamba eti! Ku Britain anamupatsa mphoto ya BIFA ya wazisudzo wongotulukira kumene, ndipo ine ndikuti anayenera.

Akuyankhula Chibemba ndi Chingerezi koma maliro ake ndi athu enieni. Azimayi kugona pansi m'nyumba ya siwa, kulowa chokwawa akulira mokweza, kumudzudzula Shula kuti bwanji iwe misozi osatuluka, azibambo ali panja pa mipando kudikira mbale ifike. Ndiye pali mkazi wamasiye uja, kamtsikana kakang'ono kokhala ndi ana ambirimbiri, achibale a mwamuna kumuloza chala kuti sankasamala m'bale wawo uku maso ali pa nyumba ndi katundu. Amene munaonapo zolanda katundu wa amasiye kumudzi mudzamva kuwawa, ine ndinaimitsa kaye filimuyo. Azimayi amenewa sanawaonetse ngati afiti ayi, amawakonda anawo zoona, koma chikondi chomwecho ndi chimene akutsekera nacho pakamwa, ndipo kusewera zinthu ziwirizi nthawi imodzi si masewera. Elizabeth Chisela amene ali Nsansa, woledzera ndi woseka mokweza uja, nayenso musamuphonye, kuseka kwakeko ndi kulira ndithu.

Sinners ya Ryan Coogler ya 2025 ndinakaonera ku sinema chifukwa nyimbo zake pa foni ungaziphe. Aliyense akukamba za Michael B. Jordan kuti wasewera mapasa, Smoke ndi Stack, ku Mississippi mu 1932, ndipo wagwira ntchito, sanadalire zipewa zokha kuti uyu chabuluu uyu chofiira, Smoke manja amanjenjemera chifukwa cha nkhondo moti fodya amamupichirira ndi m'bale wakeyo, Stack ndi wapakamwa, kumwetulira kosatha. Koma mu kope langa ndalemba kwambiri za akulu aja a Delroy Lindo. Ali mu galimoto akufotokoza mmene anaphedwera mnzawo, kenako mawu akuwathera, akungoyamba kung'ung'udza nyimbo uku akumenya kugunda kwake, basi. Pamenepo ndi pamene ndinamva kuti blues inachokera kuti, popanda wina kundiphunzitsa. Wunmi Mosaku ngati Annie, mayi wa mankhwala achikuda, nayenso ndi wodekha, akamuyang'ana Smoke umadziwa kuti awiriwa anayikapo mwana m'manda. Chigawo cha mizukwa yoyamwa magazi chakumapeto chija kwa ine chinathamanga kwambiri, phokoso linachuluka ndipo anthu amene ndinali nditawakonda ankangotha mofulumira.

Ndinabwerezanso The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019 ndi maso atsopanowa. Inde Chichewa cha Chiwetel Ejiofor chimamveka kuti ndi chophunzira, tonse tinanena kale zimenezo, koma muoneni akusewera ngati Trywell, bambo ake a mnyamata wa mu filimuyo, pamene akulima nthaka youma gwaa nthawi ya njala ija ku Wimbe, mapewa okha akukuuza kuti bamboyu watha mphamvu koma sangavomere pamaso pa ana ake. Ndipo Lily Banda akangotsegula pakamwa khutu limapuma, ndi wakwathu basi.

Mwezi ukubwerawu ndikufuna ndibwerere kwa Tsotsi, ija inatenga Oscar mu 2006, chifukwa Presley Chweneyagae, amene anasewera ngati Tsotsi mwiniwakeyo, anatisiya mu May 2025 ali ndi zaka 40 zokha ndipo ine ndinaionera kalekale ndisanaponde mu mzinda uno, pano misewu ndi masiteshoni akewo ndimadutsamo ndekha. Ndikusakanso The Road to Sunrise ya a Shemu Joyah ya 2017, koma ndikufuna njira yolipira kuti ndalamayo ikafike kwa eni ake, osati zokopera pa memori khadi. Amene mukudziwa kumene ingapezeke kuno, kaya wina akubwera pa basi kuchokera ku Blantyre, ndiuzeni chonde tigwirizane.